Nkhuku Imene Inandiphunzitsa Kuphika Mabisiketi

Ndivomereze poyambirira pomwe: pa fulawa yense amene mkazi wanga anavutikira pamzere tsiku lathunthu, amene anafika pakamwa pa munthu sanadzaze n'kapu yomwe. Wina yenseyo ndinamuwononga ine, ndi manja angawa, dzuwa likuswa mtengo, apongozi anga ali pomwepo. Kwathu nkhaniyi amakonda kuikamba ndi mkazi wangayo, ndipo chaka chilichonse amaithira kamchere kena, moti adzukulu athu amakhulupirira kuti ndinatsala pang'ono kuotcha dera lathu lonse la Kabwata mu Lusaka. Lero ndiloleni ndiikambe ndekha, mwina ndingapeze wondimvera chisoni.

Zinali zaka zija za mizere, chipani chili chimodzi, pamene ukaona anthu andanda pakhomo pa sitolo unkayamba waima kumbuyo kwawo, kenako n'kufunsa kuti kwabwera chiyani. Ine ndinali kalaliki mu ofesi ina m'tauni, wa tayi ndi zolembera ziwiri m'thumba la malaya, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa zinthu. Tinkakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ine ndi mkazi wanga Esinati. Tsiku lina atamva kuti kusitolo ya boma kwafika fulawa, Esinati ananyamuka ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi umodzi n'kukaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anabwerako miyendo itatupa, atakumbatira paketi imodzi. Anaitsekera m'tiranki pansi pa bedi pamodzi ndi chitini cha majarini ndi kashuga, nati zimenezi ndi za tsiku la ubatizo wa mwana, wozikhudza adzaona.

Mabisiketi a Esinati ankatchuka mumsewu wathu wonse. Uvuni tinalibe. Ankaphikira mupoto wamkulu pambaula, mchenga pansi m'potomo, mbale yachitsulo pamwamba pa mchengawo, makala pachivundikiro. Mtanda unkakhala womwewo, koma lero athiramo nsinjiro, tsiku lina jinja, pa Khirisimasi khungu la ndimu lopalapala, ndiye anthu ankayesa kuti amadziwa mitundu khumi. Ine zonsezi ndinkazionera ndili pampando, posuzumira pamwamba pa nyuzipepala, ndipo ndinkaganiza kuti kuona chinthu kangapo n'chimodzimodzi ndi kuchidziwa.

Mwana sanadikire nthawi yake. Anabwera kudakali mwezi ndi theka, kamtsikana kokwana m'manja awiri, ndipo anamuika m'chipinda cha ana osakwana masiku. Esinati anataya magazi ambiri. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi osafuna kuona chakudya. Phala ankalikankha, msuzi ankangoununkhiza n'kutembenukira kukhoma. Namwino wina wachikulire anandikokera pambali nandiuza mosabisa kuti mayi akapanda kudya mkaka sutuluka, ndipo kamwana kotere popanda mkaka wa mayi ake n'kovuta kukalera. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Apongozi anga anali atafika kuchokera ku Katete tsiku lachitatu, atasenza thumba la mtedza, m'khwapa muli thadzi lofiira loti adzaphere mwana wawo akatuluka. Tsono achinyamata amene mumaseka ndi apongozi anu pa sofa imodzi, mvetsani. Ife tinaleredwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sacheza. Moni umaperekedwa uli patali, utanjuta, nkhope itaona kwina. Nkhani iliyonse imadzera mwa mkazi wako. Zaka zinayi zinali zitatha tili pabanja ndipo ulemu umenewu sitinauphwanyepo. Koma tsopano wotinyamulira mawu uja anali m'chipatala, ife awiri tatsala m'kanyumba koti ukayetsemula mnzako amva mphepo.

Tinkakhala motsokomolerana. Ndikafuna kutuluka kuchipinda ndinkatsokomola, iwo n'kuzemberera kuseri kwa nyumba. Iwo akandiikira chakudya patebulo ankatsokomola, ine n'kudikira kuti chitseko chilire. (Anthu oyandikana nafe anayamba kufunsa ngati m'nyumba mwathu mwalowa chifuwa chachikulu.) Pakakhala nkhani yoti kutsokomola sikungaithe, tinkaitana Bana Chanda, mayi wa ku Luapula wa nyumba yotsatira, kuti aime pakati.

Lachisanu madzulo, nthawi yoona odwala, apongozi atapita kukasuzumira mdzukulu wawo pagalasi, ndinakhala pambali pa bedi la Esinati n'kumugwira dzanja. Mphete inali itayamba kuvuka yokha pachala.

"Esinati, kamba chabe chimene ufuna," ndinamupempha. "Chilichonse. Nizasakila Lusaka yonse."

Anayang'ana kudenga. Kenako anati, ndi mawu oti ndinachita kuweramira kuti ndimve: "Kapena mabisiketi. Yaja ya nshaba, yoviika mu tiyi." Ankanena a mtedza.

"Mailo nizabwelesa," ndinatero, kumulonjeza za tsiku lotsatira.

"Muzagula kuti? Mumashopu mulibe."

"Nizapanga neka."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Imwe?" Ndiye anamwetulira, koyamba pa masiku onse aja. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunandipusitsa. Ndinatuluka m'chipatalamo chifuwa chili patsogolo, osauza munthu aliyense, chifukwa ndinkafuna kuti ulemerero wonse ukhale wanga.

Loweruka m'mawa ndinavula tayi, ndinakoka tiranki, n'kutulutsa chuma chija. Ndinakoleza mbaula pakhonde lakuseri. Apongozi anali atayala mphasa pansi pa mpapaya, akusenda mtedza, msana uli kwa ine. Thadzi lija linali pafupi nawo, litamangidwa mwendo ndi kansanza ka chitenje. Ndikusefa mchenga, Bana Chanda anatulukira pampanda atamanga kale duku, botolo lopanda kanthu lili m'manja, n'kundilonjera m'chilankhulo cha kwawo.

"Shani ba neba! Ine nayenda ku tauni, kwamveka ati saladi yabwela." Ankanena mafuta ophikira. Kenako anaona fulawa, maso n'kutuzuka. "Nanga ivi? Mufuna kupanga vichani?"

"Mabisiketi."

"Imwe? Awe mwandi! Nanga simufunsa bamai aba?"

Ndinangoseka kachiseko kaulemu. Mumtima ndinkati, mayi wa kumudzi, wozolowera zitumbuwa ndi chigumu, angadziwe chiyani za mabisiketi? Bana Chanda anapukusa mutu n'kuthamangira mzere wawo, ndipo anapita ndi pakamwa pokhapo pamene ndikanafunsira.

Ulendo woyamba ndinathira zonse nthawi imodzi m'beseni: fulawa wosayeza, majarini, shuga, dzira, madzi. Pofika pa soda ndinaima n'kuganiza ngati munthu wopita kusukulu. Esinati ankathira kakang'ono kwambiri, koma Esinati ankaphikira anthu a mano abwino. Wodwala amafuna zofewa. Ngati kakang'ono kamafufumitsa pang'ono, ndiye kuti masipuni atatu afufumitsa bwino kwambiri. (Masamu ndinkakhoza kusukulu, musandione chonchi.) Nditavundukula poto ndinapeza mabisiketi onse agwirana kukhala chinthu chimodzi chachikasu, chobiriwira m'mbali. Ndinalawa. Kunali ngati ndaluma sopo wochapira. Ndinaponyera nkhuku kachidutswa, iyo inakayang'ana ndi diso limodzi, kenako ndi linalo, n'kubwerera m'mbuyo.

Apa m'pamene apongozi anatsokomola. Ndinaimirira kuti ndiwapatse njira, koma sanasunthe. Anangoweramira kwa nkhuku ija.

"Iwe nkhuku, wamva fungoli?" anatero mofatsa. "Kwathu soda wochuluka chonchi timathira m'therere la pamaliro, lodya mudzi wonse."

Ndinadziuza kuti anthu okalamba amalankhula ndi ziweto, si zachilendo. Ndinakakwirira chinthu chija kuseri kwa chimbudzi n'kuyambanso.

Ulendo wachiwiri soda ndinachepetsa (mwa nzeru zanga, osati chifukwa cha nkhuku). Koma mtanda unkamata m'manja, ndiye ndinkawonjezera fulawa, ukauma ndiwonjezere madzi, ukamata ndiwonjezerenso fulawa. Ndinaukanda mwachimuna, ndi zibakera, mmene ndinkachapira bulangeti ndili mbeta. Thukuta linali kamukamu. Poona kuti dzuwa likukwera, ndinadzaza makala pambaula n'kukupiza mpaka moto unalira.

"Nkhuku iwe," anateronso apongozi, manja akusendabe mtedza, "mtanda si wakuba kuti uziumenya chonchi. Ndiponso moto wapansi ukakula umaotcha chakudya chisanapse."

Tsopano ndinadziwa bwinobwino kuti nkhukuyo ndine. Munthu wanzeru akanaphula makala ena pomwepo, koma ine ndinaona kuti ndikatero ndiye kuti ndavomera kuti ndamva, ndipo ndikavomera kuti ndamva ndiye kuti kalaliki wa m'tauni waphunzitsidwa ntchito ndi mayi amene sanagwirepo cholembera. Ndinakupizanso kawiri, dala. Mabisiketi anatuluka akuda bii kunsi, olimba ngati miyala ya m'njanji. Ndinayesa kuluma imodzi kuti ndidzitonthoze, ndipo dzino langa lakutsogolo lino lobenthuka likuchitira umboni mpaka lero.

Apa n'kuti nthawi itapitirira 12 koloko, ndipo kuchipatala ankatsegula 4 koloko kwa ola limodzi lokha. Paketi ija inali itapepuka moopsa. Ulendo wachitatu ndinatsatira malangizo a nkhuku mwakabisira, ndikuchita ngati ndawaganiza ndekha. Sindinakande kwambiri, moto ndinachepetsa, ndipo ndinaswera dzira lomaliza. Ndinakumbukira kuti Esinati anapempha a mtedza, ndiye ndinatapa mtedza wauwisi, wathunthu, n'kuubaya pamwamba pa bisiketi iliyonse ngati mabatani. Zinkaoneka kuti zitheka.

Chimene chinandipha n'kusadekha. Mphindi zingapo zilizonse ndinkafuna kuona ngati apsa. Kachinayi konyamula chivundikiro, nsanza imene ndinagwirira inakhudza khala n'kuyaka. Ndinakuwa, ndinataya chivundikiro, makala onse ndi phulusa n'kukhuthukira m'poto, pamwamba pa mabisiketi anga. Nsanza yoyaka inagwera pa thalauza. Ndiye ndinachita chimene munthu aliyense wosokonezeka amachita: ndinanyamula ndowa n'kuthira madzi ponseponse, pa ine, pambaula ndi m'poto momwe. Utsi utatha, m'potomo munali matope a mchenga, phulusa ndi fulawa, timitedza tikuyandama pamwamba.

Ndinadikira kuti nkhuku iuzidwe kanthu. Sinauzidwe. Apongozi anangosiya kusenda mtedza, ndipo chete ameneyo anandipweteka kuposa therere la pamaliro lija.

Ndinakhuthulira m'kapu fulawa wotsala, ndikugogoda paketi m'makona. Sanadzaze. Mazira anali atatha, majarini atsala ongopaka pansi pa chitini. Ndinakhala pakhomo, thalauza likudontha madzi, kapu ili m'manja. Ndinaganiza zokanama kuti fulawa ndamupeza atalowa anankafumbwe. Kenako ndinaona m'maganizo miyendo yotupa ija ya Esinati pobwera kumzere, ndi mmene anamwetulira dzulo lake, ndi mmene adzayang'anire m'manja mwanga ndikamalowa m'chipinda cha odwala. Chinthu chimodzi chokha chimene anapempha pa masiku asanu ndi anayi, ine ndachisandutsa matope chifukwa cha matama. Ndinalira, ndikuuzeni zoona. Bambo wa tayi ndinalira pakhomo ngati mwana wotayika pamsika wa Kamwala.

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya kale soda ndi makala. Ndinapukuta m'maso, ndinayenda mpaka pamalire a mthunzi wa mpapaya, ndinanjuta, ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kuyang'ana nkhuku m'maso.

"Iwe nkhuku," ndinatero, "ukawauze amayi kuti dzulo mwana wawo anapempha mabisiketi a nsinjiro. Ine ndinamulonjeza kuti ndiphika ndekha. Tsopano fulawa watsala wosadzaza kapu, mazira atha, ndipo sindikudziwa chochita."

Nkhuku inajompha pansi. Kenako ndinamva mawu a apongozi, ndipo sanali mawu aja oseka nawo therere.

"Nkhuku, ukuti anapempha? Yekha, ndi pakamwa pake?"

"Nkhuku, uwauze kuti inde."

"Mwana wanga wafuna chakudya dzulo, ine n'kugona osadziwa?"

Apa m'pamene ndinaona kukula kwa mlandu wanga. Ine ndinkadandaula za fulawa. Koma mayi ameneyu masiku onsewa ankaphika osaphonya tsiku, kunyamula m'mbale kupita nazo kuchipatala, n'kubwera nazo zosakhudzidwa. Ankapemphera motsitsa mawu kuti ndisamve. Uthenga umodzi wokha umene ukanawagonetsa tulo, woti mwana wawo wayamba kulakalaka kanthu, ine ndinausunga m'thumba kuti ndidzawadabwitse. M'mawa wonse ankaona mkamwini wawo akusewera ndi fulawa wa ubatizo, mkazi wake ali gone m'chipatala, osadziwa chifukwa chake, ndipo ulemu unawaletsa kufunsa. Kuchipinda kwathu kumene kunali tiranki sakanalowako n'komwe.

Anamina ndi nsonga ya chitenje, naimirira. Ndinaganiza kuti andilanda beseni, ndipo ndikanapereka ndi manja awiri.

"Nkhuku, umuuze kuti wolonjeza ndi iye, wophikanso akhala iye," anatero. "Ayatsenso mbaula, apeze mchenga wouma, asambe m'manja ndi madzi ozizira. Ine ndikazinga mtedza."

Anakazinga mtedza pachiwaya, anaufikisa m'manja kuti makoko achoke, anaupeta, n'kuusinja mumtondo wa Bana Chanda umene anangoutenga pampanda. Nsinjiro anaziika m'mbale pakati pa bwalo, iwo n'kubwerera pamphasa, ine n'kupita kukatenga. Atatero anakhala cham'mbali, moti ankaona manja anga osaona nkhope yanga, sukulu n'kuyamba.

"Nkhuku, nsinjiro zikhale zofanana ndi fulawa. Fulawa akachepa mtedza ndiwo umamuthandiza, ndiponso uli ndi mafuta ake, majarini ochepawo akwana."

Ndinasakaniza.

"Tsopano afikise majarini m'fulawamo ndi nsonga za zala zokha. Chikhatho chisakhudze, chimatentha. Azinyamula n'kumagwetsa, mpaka zioneke ngati misere."

Ndinafikisa. Zala zanga zozolowera sitampa ya muofesi zinkachita chibwibwi, koma zinamva.

"Shuga masipuni atatu. Mchere wotsina. Soda wokwana pachikhadabo cha chala chaching'ono, nkhuku, chaching'ono. Dzira palibe kanthu, adonthezere mkaka supuni imodzi, asonkhanitse, ikakana awonjezere ina. Mtanda ukangogwirana ausiye, asaukande, wavutika kale mokwanira m'nyumba muno."

Ndinaupsinja ndi botolo patebulo lowaza kafulawa kamene ndinapatula m'kapu muja, ndinadula ndi kukamwa kwa kapu yaing'ono, ndinabaya iliyonse ndi foloko katatu. Makala anati pansi akhale ochepa, ochuluka apite pachivundikiro, ndipo chivundikirocho ndisachikhudze mpaka fungo litandiitana lokha.

Tikudikira, nkhuku inatopa nafe. Inazungulira mpapaya n'kukagona kuseri kwa tsinde kumene sitinkaiona. Ife sitinasiye. Tinkalankhulabe ndi malo amene inali itaima.

"Nkhuku, uwafunse amayi kuti zimenezi anaziphunzira kuti."

"Umuuze kuti kumishoni, ndili mtsikana, iye asanabadwe. Akuganiza kuti Esinati anaphunzira kwa yani? Mtanda ndi womwewu. Akafuna a jinja athira jinja wosinja m'malo mwa nsinjiro. Akafuna onunkhira apala khungu la ndimu, lobiriwira lokha, loyeralo limawawa. Koma lero asayerekeze."

Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Esinati ali mwana anadwala chikuku, anakana zonse. Anadzuka ndi omwewa a nsinjiro."

Dzanja langa linapita kuchivundikiro kawiri, ndipo kawiri konse kumphasa kunamveka chifuwa. Kachitatu fungo linafika lokha, la mtedza wokazinga ndi shuga, fungo la m'nyumba mwathu Esinati akakhala wosangalala. Ndinanyamula chivundikiro ndi manja awiri, pang'onopang'ono. Munali mabisiketi khumi ndi imodzi, ofiirira m'mbali, ena opotoka, koma mabisiketi enieni. Imodzi inathyoka poichotsa. Ndinaika chidutswa pasosala, ndinakachisiya pafupi ndi mpapaya, n'kutembenuka. Nditamva kutafuna ndinagwira mpweya.

"Nkhuku," anatero apongozi, "ndi omwewo."

Basi sitinaidikire, chifukwa masiku amenewo kudikira basi kunali kupemphera. Tinauyamba wapansi kudzera ku Libala, ine patsogolo ndi chitini chokulunga m'nsalu ndi fulasiki ya tiyi, iwo mapazi khumi pambuyo ndi mbale zawo za masiku onse. Thalauza ndinali nditasintha, koma nsidze imodzi inali itawauka ndipo palibe amene akanandiuza. Tinalowa pachipata theka la ola loona odwala litatha kale.

Esinati anali atatsamira pilo, maso ali kukhomo. Anayang'ana nsidze yanga, kenako chitini. Nditachitsegula anatseka maso n'kununkhiza.

"Mwapanga ndimwe zoona?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse, koma apongozi anandipitirira. Anali atakhala mbali ina ya bedi, akuyang'ana mwana wawo.

"Manja ake," anatero. "Ine sindinakhudze mtanda."

Esinati anayang'ana amayi ake, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zambiri kuposa zimene zanenedwa. Ndinamuthirira tiyi. Anatenga bisiketi imodzi, anaiviika, anadikira kuti ifewe, n'kuluma kakang'ono. Anatafuna nthawi yaitali. Ine ndi apongozi tonse tinkayang'ana pakhosi pake. Anameza. Anaviikanso, naimaliza, natenga yachiwiri.

Ali pakati pa yachiwiriyo anafunsa: "Nanga fulawa ya ubatizo yasala bwanji?"

"Yasila," ndinayankha ndikuyang'ana nsapato.

"Paketi yonse? Pa mabisiketi teni?"

"Yenangu yanapsa. Yenangu yanamila."

"Yanamila?"

Anayamba kuseka. Anagwira pamimba chifukwa kunkamupweteka, misozi ikutsika, akundipempha kuti ndisanenenso kanthu. Amayi a pabedi lotsatira anasekanso osadziwa nkhani. Atapuma anatenga yachitatu, kenako yachinayi, namaliza tiyi yense wa m'kapu. Ndiye analoza mbale zimene amayi ake ananyamula, zija zinkabwerera zodzaza tsiku ndi tsiku.

"Amai, umo mwabwelesa chani?"

Apongozi anamasula nsalu mofulumira, moti chivundikiro cha mbale chinagwa pansi n'kugubuduka. Ndinawerama kuti ndichitole. Poweramuka ndinapeza akundiyang'ana. Osati kukhoma, osati pansi. Ankayang'ana ine, m'maso, nkhope yawo yonse itanyowa. Aka kanali koyamba kuona kuti Esinati anatengera maso a amayi ake.

"Apongozi," anatero, "wadya."

Panalibe nkhuku yoti ndiyankhire. Ndinangoti, "Inde, amayi," ndipo tinaima choncho kamphindi, chivundikiro chili m'manja mwanga.

Mkaka unabwera patapita masiku awiri. Kamtsikana kaja kanatuluka m'chipatala mwezi usanathe, ndipo lero ndi mayi wa ana atatu, wamtali kuposa ine. Pa ubatizo wake alendo anamwa tiyi ndi mbatata yophika, ndipo Bana Chanda anaonetsetsa kuti aliyense wadziwa chifukwa chake.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kufunsa madzi asanafike m'khosi. Esinati akuti ndisakunamizeni, chifukwa mwezi watha womwewu tinazungulira dera la Chelstone ola lathunthu ine ndikukana kufunsa njira. Za apongozi, tisanafike n'komwe pachipata cha chipatala tsiku lija anali atabwerera kale mapazi khumi pambuyo panga, ndipo madzulo ake tinatsokomolerana monga mwa masiku onse. Anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, akubwera ku Kabwata chaka ndi chaka, ndipo sanandiyang'anenso m'maso ngakhale kamodzi. Pa maliro awo ku Katete akamwini anzanga ankakumbutsana mbuzi ndi mbewu zimene mayiwo anawapatsa, n'kundifunsa kuti nanga ine wa ku Lusaka anandipatsa chiyani. Ndinawauza kuti anandipatsa mawu awiri. Anaseka, poganiza kuti ndikudandaula.